Mankhwala a Thonje M'chikuta

Khanda la Masiye lidadzuka thupi lonse lili totupa tofiira, kuyambira m'khosi mpaka kumapazi. Lidali lisanathe ndi sabata yomwe chibadwire, ndipo mchombo udali usanagwe. Masiye atatukula m'mphepete mwa mphasa adaona nsikidzi zikubalalika kuthawira m'ming'alu ya khoma, zina zili mimba tototo ndi magazi a mwana wake.

"Amayi, tabwerani mudzaone kuno," adaitana.

A Eveles, mayi ake, adalowa. Asanayang'ane ndi mwana yemwe, adayamba atseka kaye chitseko.

"Tsitsa mawu, iwe. Ukufuna mudzi wonse umve kuti kwa Eveles kuli nsikidzi?"

"Koma zikumutha mwanayu, amayi. Titulutse mphasa ndi mabulangete padzuwa."

"Padzuwa? Kuti aliyense wopita kuchitsime aziwerenga nsikidzi zanga? Usiye, ndikonza ndekha."

Muwamvetse a Eveles. M'mudzi wawo, kudera la Maganga, nyumba yawo ndiyo idali yoonetsa alendo. Zidali zaka zija za chipani chimodzi, pamene amayi a chipani ankayendera makomo kuona ngati pali chimbudzi, thandala ndi dzenje la zinyalala. Akafika kwa a Eveles ankangoomba m'manja. Pansi pozira bwino, pabwalo posesa, mbale zili mbee pathandala. Amuna awo adali ku Joni, koma iwo ankalima okha thonje, alangizi n'kumawatchula pamisonkhano. Ulemu umenewu ankaukonda kuposa tulo, ndipo kunena zoona, tulo adali atasiya kale kutiona chifukwa cha nsikidzi zomwezo.

Masiye sakadatha kudzithandiza. Adali m'chikuta, ndiye kuti iye ndi khanda lake sankayenera kutuluka m'nyumbamo mpaka mchombo utagwa. Mwamuna wake Yesaya, msodzi wa ku Senga Bay amene adadzakwatira pamudzipo, sankaloledwa kulowamo. Ankangomva kulira kwa mwana wake ali pabwalo.

M'mawa womwewo a Jamila amake Idi, mnansi wawo woyanika usipa, adabwera ndi ndowa ya madzi kudzathandiza wobereka. Adapeza a Eveles ali kuseri kwa nyumba, akung'amba kapaketi ka mankhwala aufa n'kumasungunula m'pampu yopopera thonje.

"Amake Masiye, thonje lake liti mwezi uno? Si mudakolola kale?"

A Eveles adayang'ana uku ndi uku. "Pali tizilombo pang'ono m'nyumbamu. Tidabwera ndi alendo."

"Nsikidzi? Aa, zimenezo wiritsani madzi. Amenewo ndi akumunda, anzanga. M'nyumbamo muli khanda."

"Mankhwala ndi mankhwala," adatero a Eveles akuvundula ndi kamtengo. "Akupha mbozi zonenepa zija, alephere kansikidzi?"

Apa ndiye pamene pali msampha, ndipo umandipsetsa mtima. Chichewa chathuchi chidatipatsa liwu limodzi pa zinthu ziwiri zosayenderana. Amene timamwa tikadwala malungo timati mankhwala. Amene timaphera mbozi m'munda timatinso mankhwala. Munthu akamva liwuli mtima umakhala pansi, amaganiza za kuchira, n'kuiwala kuti enawo ntchito yawo ndi kupha basi, ndipo sasankha kuti uyu ndi mbozi, uyu ndi mdzukulu.

A Jamila adayesanso. "Alangizi aja sadanene kuti tikapopera tizisamba ndi sopo? Sadanene kuti ana asayandikire? Amenewo ndi poizoni."

A Eveles adaweramuka, n'kukweza mawu kuti amveke kutali. "Poizoni? Mankhwalawa ndi a boma. Ndiye mukuti boma likugawira anthu poizoni? Tanenaninso, amake Idi, ndimve bwino."

Masiku amenewo funso lotere lidali lokwanira kumuumitsa munthu pakamwa. Mawu amodzi okhotetsedwa ankatha kukufikitsa kumene sunafune kupita. A Jamila adatula ndowa yawo n'kubwerera kwawo. Boma silidauzepo munthu kuti azipopera khanda. A Eveles adangobisala kumbuyo kwa dzinalo kuti mnzawo asiye kuwauza zoona, ndipo khalidwe limeneli ndi loipa kwambiri.

Adalowa ndi pampu yawo m'nyumba. Adauza Masiye kuti asunthire pakona ndi mwana, n'kupopera makoma, mphasa, bulangete, ngakhale tinsalu tofunditsa khanda timene tidali pachingwe. Atatha adatseka chitseko, n'kutsekanso kazenera ndi chiguduli kuti fungo lisatuluke, anthu angadziwe.

"Amayi, m'maso mukundiwawa," adadandaula Masiye.

"Ndiye kuti akugwira ntchito. Pirira."

Yesaya pochokera kunyanja adalimva fungolo ali pabwalo. Mkamwini sayankhula ndi apongozi maso ndi maso, choncho adanjuta patali, nkhope atalozetsa kumbali.

"Pepani amayi, ndikumva ngati fungo la kumunda. Kodi mwana ali bwino m'menemo?"

"Za m'chikuta si za amuna," adayankha a Eveles. "Inu kasamaleni maukonde."

Yesaya adabwerera ku maukonde ake. Mawa lake a Eveles adaona nsikidzi zina zikuyendabe, pakuti zambiri zidali zitabisala mkati mwa ming'alu momwe mankhwala sadafike. Adapoperanso, ulendo uno atawonjezera ufa.

Dzuwa lili pamutu, khanda lidakana bere. Dovu lidayamba kutuluka osaleka, timanja tikunjenjemera, ndipo pachifuwa pankamveka phokoso popuma. Masiye naye mutu unkamuwawa, nseru ili yosaneneka.

"Amayi! Mwana akubanika!"

A Eveles adamuyang'ana mwanayo n'kuona kuti zavutadi. Koma m'malo moyang'ana pampu imene idali pakhomo pomwepo, adayang'ana kunja kumene kudali mkamwini.

"Ili ndi tsempho," adatero. "Ndimadziwa ine."

Tsempho ndi matenda amene akuluakulu amati amagwira khanda bambo ake akayenda ndi mkazi wina mwana akadali wamng'ono. A Eveles adatuluka nsalu atamangira m'chiuno, n'kuiwala zonse za ulemu wa pachipongozi.

"Inu a Yesaya! Ku Senga Bay kuja mumakagwira nsomba zokha? Mwamusempha mwana! Ululani msanga tipeze mankhwala, apo ayi maliro awa ndi anu."

Yesaya adagwada pafumbi, misozi ili m'maso. "Amayi, ndikulumbira pamaso pa Mulungu, sindidayendepo ndi munthu."

"Bodza! Nanga mwana akudwaliranji?"

Anthu adayamba kusonkhana. Ena ankati aulule basi, asodzi ndi momwe alili. Wina adathamanga kukafuna mizu. Tangoganizani: khamu lonse lili pabwalo kuweruza munthu wosalakwa, pamene m'nyumba yotseka khanda likupuma poizoni. Palibe ndi mmodzi yemwe amene adafunsa za fungo, chonsecho aliyense ankalimva.

A Jamila atamva phokosolo adasiya usipa wawo pathandala. Ulendo uno sadapemphe chilolezo kwa munthu. Adakankha chitseko, fungo n'kuwamenya mpaka kutsokomola. Pansi padali ntchentche zakufa. Pakona, thadzi limene linkafungatira mazira m'dengu lidali litagona chagada, miyendo ili m'mwamba. Adalinyamula ndi mwendo, n'kutuluka nalo, n'kuliponya pakati pa anthu.

"Nali thadzi lanu, amake Masiye. Nalonso lasemphedwa? Tambala wake ndiye amapitanso ku Senga Bay?"

A Jamila adatembenukira kwa a Eveles.

"Wallahi, ndikulumbira, dzulo mudanditseka pakamwa ndipo ndidachita mantha. Lero kandinenereni kulikonse kumene mukufuna. Mwanayu akufa ndi mankhwala a thonje."

Adabwereranso m'nyumba n'kutuluka ndi khanda, Masiye akudzandira pambuyo pawo.

"Mchombo sunagwe!" adakuwa a Eveles. "Satuluka ameneyo!"

"Ukagwera kuchipatala. Mukufuna ukagwere kumanda?"

A Jamila adavula khandalo tinsalu tonse tonunkha, n'kulisambitsa msangamsanga ndi sopo ndi madzi ofunda, kenaka n'kulikulunga m'chitenje chawo choyera. Adauza Masiye kuti asambe m'manja ndi pachifuwa, asinthenso nsalu. Yesaya adali atabwereka kale njinga. Asananyamuke, a Jamila adatola kapaketi kopanda kanthu kuseri kwa nyumba, n'kukakulunga m'tsamba.

"Kaperekeni kwa adokotala. Akadziwe chimene akulimbana nacho."

Yesaya adapalasa njinga mumchenga, mkazi wake ali pakaliyala ndi mwana. Pamene mchenga udachuluka ankatsika n'kumakankha akuthamanga. Kuchipatala, adokotala atangoona kapaketiko sadataye nthawi ndi mafunso ambiri. Adabaya khandalo jekeseni, n'kuligoneka pamalo opita mphepo, anamwino akuliyang'anira. Adanena mosabisa kuti akadachedwa pang'ono, kapena akadayamba ndi kulimwetsa mizu, sakadabwerera nalo lamoyo.

Mayi ndi mwana akadali kuchipatala, kumudzi kudafika a Lodwick, wazaumoyo wa m'deralo, munthu wochokera ku Mulanje. Adaimika njinga yawo pansi pa mtengo wa mango n'kuitanitsa anthu onse. A Eveles adakhala kumbuyo, mutu uli pansi.

"Ndisanayambe," adatero a Lodwick, "amene m'nyumba mwake mulibe nsikidzi aimike dzanja."

Manja adakwera ambiri, ena mpaka awiriawiri.

"Chabwino. Ndiye ndiyamba kuyendera nyumba za amene mwaimika manjanu. Ndikagwedeza mphasa iliyonse pabwalo."

Manja aja adayamba kutsika limodzilimodzi, eni ake akunamizira kukanda m'mutu. Wina adaseka, kenaka onse adaseka. A Jamila adati, "Kwanga ziliko. Ndimathira madzi otentha, zimatha, kenaka zimabweranso."

"Zimabweranso chifukwa mukulimbana nazo nokha," adatero a Lodwick. "Mudzi wonse uli nazo, mudzi wonse ukubisa. Mukabwerekana mphasa pamaliro, zimasamuka. Mlendo akabwera ndi bulangete, zimabwera naye. Nsikidzi siifuna litsiro, imafuna magazi ndi pobisala. Ngakhale nyumba ya malata imalowa. Manyazi anuwa ndiwo akuziweta, ndipo atsala pang'ono kutiphera mwana."

Sadaseke ponena zimenezi. Adafotokoza kuti mankhwala a thonje adapangidwira kumunda, panja pomwe pali mphepo, ndipo ngakhale kumeneko wopopera amayenera kudziteteza ndi kusamba akamaliza. Amalowa m'thupi popuma komanso kudzera pakhungu, ndipo khungu la khanda ndi lopyapyala kwambiri.

"Musawalowetse m'nyumba. Musawathire pamphasa, m'mutu mwa mwana wa nsabwe, kapena pansomba zouma kuti zisafumbwe. Ndamva kuti ena mumatero. Musawasungire m'botolo la zakumwa. Ngati tizilombo takukanikani, bwerani mudzatiuze. Ife tili ndi oyenera m'nyumba, ndipo tikamapopera timayamba tatulutsa anthu, chakudya ndi ziweto."

Mayi wina adafunsa, "Nanga chikuta tisiye?"

"Ayi. Chikuta chimateteza khanda ku manja ambiri ndi zifuwa za alendo. Koma nyumba ya chikuta muziikonza mwana asanabadwe. Ndipo khanda likabanika, likakana bere, likamanjenjemera, thamangani nalo kuchipatala, mchombo ugwe usagwe. Milandu muzikamba mwana atachira."

Kenaka adati ntchito iyambe pomwepo, ndipo adafunsa kuti ayambire nyumba ya yani. Anthu adayang'anana. A Eveles adaimirira n'kulowa m'nyumba mwawo. Adatuluka atasenza mphasa, n'kuiponya pakati pa bwalo anthu onse akuona.

"Yambirani kwanga," adatero. "Ziwerengeni ngati mukufuna."

Mphasa imeneyo ndi tinsalu ta mwana a Lodwick adati zisagwirenso ntchito, pakuti zidali zitamwa mankhwala. Adazikwirira m'dzenje lakuya kutali ndi chitsime. Chitseko ndi zenera adazisiya zotsekula kuti mphepo ipite. Adapala dothi la pamwamba pa makoma ndi pansi, n'kumata mwatsopano, kutseka mng'alu uliwonse. Ngakhale zidatero, a Lodwick adati khanda likatuluka m'chipatala liyambe lakhala kwina mpaka fungo litatheratu.

M'makomo ena monse moto udayaka, madzi akuwira m'migolo ndi m'miphika ikuluikulu. Ana adawauza kuti akhale patali. Amayi ankathira madzi owira pamphasa ndi pamikeka, mbali zonse ziwiri. Abambo adatulutsa mabedi n'kumathira m'malumikiziro a matabwa, momwe nsikidzi zimaikira mazira. Zovala ndi mabulangete adaziviika m'madzi otentha, n'kuziyanika padzuwa la ku Salima lija loswa mtengo. Achinyamata adaponda dothi lomatira ming'alu. Mudzi wonse udayala zogonera zake poyera, ndipo palibe adamwalira ndi manyazi.

"Pakatha sabata mubwerezenso," adatero a Lodwick pokwera njinga. "Mazira ena apulumuka lero, adzaswa. Mukabwereza kangapo nonse pamodzi, zitha. Mphasa ikachoka kumaliro kapena kwa alendo, iyambe yaona madzi otentha ndi dzuwa isanalowe m'nyumba. Mphemvu ndi makoswe nazo n'chimodzimodzi: vundikirani chakudya, tsekani mauna, tayani zinyalala kudzenje."

Adabwereza monga adauzidwa. Anthu adayamba kudzuka m'mawa opanda zokanda, ndipo ena adachita kudabwa kuti kani tulo timakoma chonchi.

Masiye adatuluka m'chipatala mwana akuyamwa mwamphamvu, totupa tija titapola. Mchombo udagwera komweko. Adafikira kwa a Jamila, kenaka n'kubwerera m'nyumba ya mayi ake itauma bwino. Tsiku lometa mwana ndi kumutcha dzina, achibale adasonkhana pabwalo. Popeza adali mwana woyamba, dzina lidayenera kuchokera kuchimuna, ndipo abale a Yesaya adati atchule yekha bambo wake.

A Eveles adali asanapepese. Adayesa kangapo, koma ankalephera. Tsikulo adatumiza nkhuku yophika kwa mkamwini wawo, poganiza kuti nkhaniyo ithera m'mbale.

Yesaya adalandira nkhukuyo mwaulemu. Adanjuta patali monga mwa masiku onse, nkhope atalozetsa kumbali, n'kunena mofatsa kuti, "Mwanayu dzina lake ndi Ndalakwanji."

Amayi ena adagwira pakamwa. A Jamila adayang'ana kumwamba kuti asaseke. Mwambo umafuna kuti agogo alandire mwana ndi kumutchula dzina, choncho Masiye adamuika m'manja mwa mayi ake. A Eveles adamuyang'ana mdzukulu wawo, wamoyo, akuphethira maso padzuwa. 

"Ndalakwanji," adatero. Misozi idagwera pachitenje cha mwanayo. Kenaka adatembenukira kumene kudali mkamwini, n'kunena mokweza kuti onse amve: "Simudalakwe kanthu, bambo. Ngakhale mwanayu sadalakwe kanthu. Ndidalakwa ndine."

Phunziro lake ndi ili, ndipo tisalizungulire. Nsikidzi si mlandu, ndiponso si chizindikiro cha uve. Zimatha ndi madzi owira, dzuwa, kumata ming'alu ndi kubwereza, makamaka mudzi wonse ukachitira pamodzi. Mankhwala akumunda ndi poizoni, asalowe m'nyumba ngakhale tizilombo titavuta chotani. Munthu akadwala pamene papoperedwa, mutulutseni, muvuleni zovalazo, musambitseni ndi sopo, ndipo thamangani naye kuchipatala mutatenga paketi ya mankhwalawo. Musataye nthawi kufunafuna womuloza chala. Ndipo mnansi akakuchenjezani, musamuopseze kuti akhale chete. Kuyanika mphasa pabwalo kumachititsa manyazi tsiku limodzi lokha, koma mwana mukamuika m'manda sabweranso.